Ati "PHP yafa": asodzi a pa intaneti akutha mabandulo a ana ophunzira kompyuta

ABALE, maliro ena ngodabwitsa. Chaka chilichonse pa Facebook, pa X ndi pa LinkedIn pamalengezedwa maliro a PHP, chimodzi mwa zilankhulo zimene anthu amalembera mapulogalamu a pakompyuta. Uthenga umafika m'mamawa, zilembo zikuluzikulu, ati PHP yafa, amene akuiphunzirabe akungotaya nthawi. Anthu amakhamukira pasiwa, ena kulira, ena kutukwana, makomenti mbwee. Koma mtembo osaoneka. Chaka chinacho maliro omwewo, malemu omwewo, ndipo nthawi zambiri wolengeza ndi yemwe uja.

Malemuwa adabadwa mu 1995, bambo wawo ndi Rasmus Lerdorf. Facebook yomweyo imene amalengezerapo malirowo idayamba kulembedwa ndi PHP mu 2004. Wikipedia imayendera PHP. WordPress, imene yanyamula mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi, maziko ake ndi PHP. Tsono wakufa wake uti ameneyu, woti akugwirabe ntchito usana ndi usiku?

Musaganize kuti wolengeza maliroyo sadziwa zimenezi. Amadziwa bwino lomwe. Si umbuli ayi, ndi geni. Iyeyo ndi amene akutolera chipepeso.

Ndisanapite patali ndiulule chimene chandikwiyitsa. Ndili ndi mphwanga amene adalemba mayeso a Fomu 4 n'kukhala pakhomo kudikira za kukoleji. M'malo motha tsiku pabawo, mnyamatayu adaganiza zophunzira coding, ndiye kuti kulemba malangizo amene kompyuta imatsatira. Amalume adam'bwereka laputopu yakale ya batire lakufa, yoti magetsi akangothima nayonso yagona. Bandulo ankagula ndi amayi, ndalama zake za pabenchi ya tomato ndi anyezi.

Adayamba ndi Python ndipo zinkayenda. Pomatha milungu itatu anali atalemba kapulogalamu kofunsa dzina lako n'kukupatsa moni. Kanthu kochepa, inde, koma tsiku limenelo m'nyumba simudagoneke. Aliyense ankayenera kulemba dzina lake kuti kompyuta imulonjere, mpaka agogo.

Kenaka asodzi adam'peza.

"Achimwene, Python ija akuti ndi ya ana, imayenda ngati bilimankhwe. Akuti ntchito zili ku JavaScript." Basi Python adaisiya. Patangotha mwezi adaona chithunzi china choti JavaScript ndi chilankhulo cha amisala, adalowera ku Java. Asanakhazikike, kanema wina ati wosadziwa Rust pofika chaka chamawa alibe tsogolo. Miyezi 6, zilankhulo 4, ndipo m'chilichonse chimene ankadziwa ndi kupereka moni kuja basi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, koma pusi uyu adachita kum'gwedezera mtengo.

Nyambo zake

Azungu khalidweli ali nalo dzina, amati engagement bait, kutanthauza nyambo yokopa anthu kuti adine, ayankhe kapena agawe uthenga. Ngati mudafufuzapo kamodzi kokha za coding pafoni yanu, nyambozi mukuzidziwa, chifukwa kuyambira tsiku limenelo sizidakusiyeni.

Pali uja amaika mizere itatu ya code n'kulemba kuti munthu mmodzi yekha pa 100 ndiye angadziwe yankho. Anawerenga liti anthu 100 amenewo, kaya. Pali uja wofunsa kuti Java ndi Python wamkulu ndani, ngati kuti ndi Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium. Wina ati lembani mawu oti PYTHON m'makomenti ndikutumizireni buku, ukalemba akukutumizira zinthu zoti pena paliponse zimapezeka mwaulere, n'kukuuzanso kuti kosi yeniyeni ndi yolipira. Ndiye pali anyamata a pa LinkedIn, suti ili mbee, ndi ndandanda wa zida 50 zimene akuti uyenera kuzidziwa usanafunsire ntchito. Iwo eni ake akudziwapo zingati, palibe amafunsa.

Koma nyambo yonona kuposa zonse ndi bodza ladala. Munthu alemba chinthu cholakwika, akudziwa kuti ncholakwika, n'kukhala pansi kudikira. Anthu olemba mapulogalamu ali ndi nthenda imodzi: sangaone cholakwa n'kungodutsa. Ntchito yawo yomwe ndi yosaka kadontho kamene kasowa pa mzere wa 300. Ndiye akaona bodza amathamangira kukakonza, wina n'kukonza wokonzayo, wachitatu n'kutukwana onse awiri. Mwini uthenga ali phee, akungowerenga nsomba.

Pa intaneti pali nthabwala yakale imene amaitcha Cunningham's Law. Imati njira yachangu yopezera yankho lolondola si kufunsa funso ayi, koma kulemba yankho lolakwika. Dzinalo adatengera kwa Ward Cunningham, amene adapanga wiki yoyamba mu 1995, ngakhale mkuluyu amakana kuti mawuwo ndi ake. Kale inali nthabwala chabe. Lero anthu akudyerapo.

Sikelo yokonda ndewu

Kodi ndalama zake zimachokera kuti? Apa ndi pofunika kumvetsa bwino. Zimene mumaona mukatsegula foni simusankha ndinu. Pali pulogalamu ina, amati algorithm, imene imayeza uthenga uliwonse ngati pasikelo n'kuona woti aukankhire kwa anthu ambiri. Funso ndi loti sikeloyo imalemera ndi chiyani.

Mu Malichi 2023 kampani ya Twitter, imene Elon Musk adagula mu Okutobala 2022 pa mtengo wa madola 44 biliyoni, idaika poyera mbali ina ya algorithm yake. Anthu ataunguza adapeza manambala ake. Like imodzi inkalemera 0.5. Yankho limodzi linkalemera 13.5. Owerenga masamu aona kale kuti komenti imodzi inkafanana ndi ma like 27. Ndipo mwini uthenga akabwerera kudzacheza ndi woyankhayo, sikelo inkafika pa 75. Manambalawa ndi a chaka chimenecho, koma akutionetsa mtima wa makinawa. Sikeloyo sifunsa ngati komentiyo ndi yothokoza kapena yonena kuti iwe ndiwe chitsiru. Zonse ndi kilo imodzimodzi.

Tsono taganizani. Munthu walemba phunziro labwino, lomveka, lopanda cholakwa. Owerenga akhutira, adina like, apita. Mnzake walemba kuti PHP yafa, anthu 500 abwera kudzam'tsutsa. Sikelo ikweza ndani?

Mu Julayi 2023, mwezi womwe Twitter idasintha dzina kukhala X, kampaniyo idayamba kugawana ndalama za otsatsa malonda ndi olemba mauthenga. Zotsatsa zimene ankawerengera zinali zooneka m'kati mwa mayankho. Kuti ulandire nawo unkayenera kukhala wolipira kachizindikiro ka buluu kaja, komanso mauthenga ako aonedwe kambirimbiri, mpaka mamiliyoni, pa miyezi itatu. M'chinenero chathu tingoti: yambitsa ndewu pakhomo pako, anthu akadzaza tidzakulipira. Kumapeto kwa 2024 adasintha kawerengedwe kake n'kumayang'ana mmene anthu olipira akuchitira ndi uthenga wako, koma zoti phokoso ndiye ndalama sizidasinthe.

Facebook nayo isanamizire kuyera. Mu Disembala 2017 idalengeza kuti iyamba kukankhira pansi mauthenga opempha poyera kuti dinani like, gawani, itanani mnzanu. Zabwino. Koma mu 2021 mayi wina amene ankagwira ntchito kumeneko, Frances Haugen, adatulutsa zikalata za m'kati, ndipo nyuzipepala ya Washington Post idalemba kuti kuyambira 2017 tinkhope tija tosonyeza mmene wamvera, kuphatikizapo kokwiya kofiira kaja, tinkalemera kasanu kuposa like. Adadzatsitsa kulemera kwa kokwiyako pambuyo pake, ataona kuti mauthenga okwiyitsa ndi amene ankadzaza mabodza. Asodzi adaphunzirapo msanga: usapemphe komenti, ingomukwiyitsa munthuyo, abwera yekha.

Zafika poti akadaulo a mtanthauziramawu wa Oxford adasankha rage bait, nyambo yokwiyitsa, kukhala mawu a chaka cha 2025.

Phunziro limene amabisa

Chimene chimandiwawa kwambiri nchoti m'kati mwa nyambo zina muli phunziro lenileni, koma amalibisa dala. Chithunzi chija chidathamangitsa mphwanga ku JavaScript chinkaonetsa kuti ukalemba 0.1 + 0.2 yankho limabwera 0.30000000000000004. Pansi pake ati onani misala, chilankhulo cholephera masamu a Sitandade 3. Anthu kuseka, kugawana, kunyoza Brendan Eich amene adachilemba m'masiku 10 okha mu 1995.

Ndidapita nacho chithunzicho kwa mayi wina woyandikana nafe, amene wakhala akulemba mapulogalamu pa kampani ina mu Blantyre kwa zaka zambiri. Adangoseka. Adatsegula Python pa laputopu yawo, kulemba masamu omwewo, yankho lomwelo. Java nayonso chimodzimodzi. Vuto si la JavaScript ayi. Kompyuta imawerenga ndi manambala awiri okha, 0 ndi 1, ndipo m'kawerengedwe kameneko 0.1 salembeka ndendende, monga mmene ife tikagawa 1 ndi 3 timalembera 0.3333 mpaka pepala kutha. Penapake kompyuta imadula, ndiye katsalira kochepako kamatulukira kumapeto. Lamulo la kasungidwe ka manambala otere, lotchedwa IEEE 754, lidakhazikitsidwa mu 1985, JavaScript isanabadwe n'komwe.

Ndipo mayiwa adawonjeza chinthu chimene sindidzaiwala. Ati nchifukwa chake wolemba mapulogalamu wanzeru sasunga ndalama m'manambala a kadontho. Amasunga m'matambala, manambala athunthu, n'kudzasandutsa makwacha pomaliza poonetsa. Tambala amene pamsika adasiya kulira kalekale, mu kompyuta akadali pantchito.

Mwaona? Phunziro la mphindi 5, loti lingapulumutse mwana ku cholakwa chenicheni tsiku lina akadzalemba pulogalamu ya sitolo kapena ya chipatala. Woika chithunzi uja akadafuna akadalifotokoza m'mizere inayi. Koma akafotokoza ndiye kuti mkangano watha, ndipo mkangano ukatha iye adya chiyani?

China chofanana nacho ndi chija amaonetsa kuti "11" + 1 imapereka 111 pamene "11" - 1 imapereka 10. Palibe ufiti apa. Nambala ikakhala m'kati mwa timakutu tija kompyuta imaitenga ngati mawu, ndiye chizindikiro chophatikiza chimangolumikiza mawuwo. Chochotsera sichingalumikize kanthu, choncho JavaScript imayamba yasandutsa mawuwo kukhala nambala. Ndi khalidwe lachilendo ndithu, ndipo ena amadandaula nalo moona mtima, koma lili m'buku lililonse la oyamba kumene.

Dziwe la amphawi

Wina anena kuti nanga bwanji osangodutsa, ndani wakukakamiza kuwerenga? Kwa mwana wa ku California, amene intaneti kwawo ili ngati madzi a pampopi, mwina ndi zoona. Akatopa ndi phokoso atsegula buku, atsegula kanema wa maola awiri, afunsa aphunzitsi. Kuno kwathu nkhani ndi ina.

Tonse tikudziwa kuti bandulo yotsika mtengo ndi ija yotsegula Facebook, WhatsApp kapena TikTok basi. Yotsegula intaneti yonse, kumene kuli mabuku enieni a Python ndi maphunziro athunthu, ndi yodula ndipo imatha ngati mchere m'madzi. Ndiye mwana wosauka wofuna kuphunzira amapezeka watsekeredwa m'dziwe lomwelo mmene asodzi atchera mbedza zawo. Sukulu yake ndi Facebook, aphunzitsi ake ndi omwe aja olengeza maliro. Alibe mkulu wom'funsa kuti kodi izi nzoona. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, laputopu ndi foni zidakwera mtengo moti amene ali nayo yobwereka amaona ngati nthawi ikumuthera. Munthu wothamanga ndiye amameza nyambo msanga.

Woika uthengayo mwina ali ku Lagos, ku Mumbai kapena ku Texas, sadziwa n'komwe kuti kuli dziko lotchedwa Malawi. Akalandira timadola take, gawo lina la timadolato lachokera pabenchi ya tomato ya amayi anga. Tsono poti anyamata athu ena ayamba kutengera, kukopera mauthenga omwewo liwu ndi liwu n'kumaika m'magulu a pa WhatsApp, iwowo salandira ngakhale tambala. Akungosenzera ena katundu ulele.

Nyambo ya mantha

Chimene chidam'gwetseratu mphwanga si zilankhulo zija ayi. ChatGPT itatuluka pa 30 Novembala 2022, asodzi adapeza nyongolotsi yatsopano, ndipo mpaka lero sinathe. Ati coding yatha. Ati pomatha miyezi 6 sipadzafunikanso munthu wolemba mapulogalamu. Miyezi 6 yake imeneyi yakhala ikutha n'kuyambiranso kangapo konse.

Mu Febuluwale 2024, pa msonkhano wina ku Dubai, mkulu wa kampani ya Nvidia, Jensen Huang, adanena maganizo oti nthawi youza mwana aliyense kuti aphunzire coding yapita, chifukwa makina a AI azimva chilankhulo cha anthu. Kachidutswa ka kanemayo kadazungulira dziko lonse, aliyense kuikapo mutu wake woopsa. Ochepa okha ndi amene ankakumbutsa kuti Nvidia ndi imene imagulitsa zipangizo zoyendetsera AI yomweyo. Sindikuti mkuluyu amanama. Koma wogulitsa maambulera akalosera mvula, mverani ndithu, kenaka mutuluke panja muyang'ane kumwamba nokha.

Sindikukana kuti makinawa asintha ntchito. Amalembadi code, mwachangu kuposa munthu, ndipo mayi woyandikana nafe uja amawagwiritsa ntchito tsiku lililonse. Koma akuti nthawi zina amalemba zolakwika molimba mtima ngati mboni yonama pabwalo la amfumu, ndipo amene sadziwa kuwerenga code sangazigwire. Nkhani imeneyi ndi yofunika kukambirana modekha, chifukwa ikukhudza tsogolo la ana ambiri. Koma kudekha pasikelo paja sikulemera.

Za kufa kwa zilankhulozi, kumbukirani COBOL. Idabadwa mu 1959, Malawi akadali Nyasaland, ndipo maliro ake akhala akulengezedwa kuyambira makolo athu ali anyamata. Mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utachotsa anthu ambiri pantchito, bwanamkubwa wa New Jersey ku America, Phil Murphy, adachita kupempha poyera anthu odziwa COBOL kuti athandize, chifukwa makompyuta olipira anthu osowa ntchito ankayendera chilankhulo chomwecho ndipo anali atalemedwa. Agogo opuma pantchito ndi amene adasakidwa.

Mphwanga zonsezi sankazidziwa. Tsiku lina ndidangopeza laputopu ili m'chikwama pamwamba pa kabati. "Achimwene, ndivutikirenji ndi chinthu choti makina akuchita kale? Bola ndikaphunzire kuyendetsa kabaza." Amayi adangoti chete, koma ndidaona akuwerenga m'mutu mabandulo onse aja.

Nanenso ndidakodwa

Musandione ngati wochenjera. Nditamva za 0.1 + 0.2 zija, usiku womwewo ndidasaka uthenga uja n'kulemba komenti yaitali ngati kalata ya kwa a DC, kufotokoza zonse, IEEE 754 yomwe. Ndidagona mokhutira kuti ndam'phunzitsa munthu. M'mawa ndidapeza wandiyankha, ati mfundo yabwino, tafotokozani zambiri. Mtima udakoma. Nditayang'ana bwino ndidaona kuti aliyense, wotukwana ndi woyamika yemwe, wamuyankha mawu omwewo. Pamenepo ndi pamene ndidakumbukira 75 uja. Ndidameza ngati mlamba, nyambo, mbedza ndi chingwe chomwe.

Amene adatsitsa laputopu pakabati ndi mayi aja. Adamuitana mnyamatayo n'kumuuza kuti asankhe chilankhulo chimodzi, chilichonse, ndipo asachisiye mpaka atapanga nacho chinthu choti munthu wina agwiritse ntchito. Adam'koperera pa fulashi mabuku a Python, amene eni ake amalola kuwatsitsa mwaulere n'kumawerenga popanda intaneti. Adamuuza za CS50, maphunziro a yunivesite ya Harvard amene David Malan amaphunzitsa ndipo aliyense angawatsatire osalipira, komanso za freeCodeCamp imene idayamba mu 2014. Ati makanema azitsitsa ndi bandulo ya usiku, masana azilemba. Za asodzi adangoti asawayankhe, asawatsutse, asawagawe ngakhale pofuna kuwaseka, angodina poti sindikufuna kuonanso zotere.

Ine chidandidabwitsa nchoti zinthu zonse zothandizazi zidalipo nthawi yonseyi, zaulere, koma pa miyezi 6 palibe ngakhale chimodzi chimene foni idamubweretsera yokha.

Pano mnyamata wabwerera ku Python. Akulemba kapulogalamu kosunga kaundula wa banki m'khonde ya amayi ndi anzawo, ndani wasunga zingati, ndani wabwereka, chiwongoladzanja chake nchotani. Ndalama akuwerenga m'matambala. Kakusokonezabe munthu akabweza ngongole mochedwa, ndipo patha masiku atatu akulimbana ndi pamenepo, mpaka nsima kuzizira. Amayi akuti akadzangolakwitsa masheya a anthu, akayankha yekha kwa azimayi a gululo.

Dzulo usiku wabwera ndi foni m'manja. "Achimwene, mwaona izi? Akuti Python yafa." Ndikuyang'ana, chala chake chayamba kale kulemba. Foni ndidam'landa pomwepo. Koma poti ndalonjeza kunena zoona, komenti imene adayambayo ndidaimaliza ndine.